NDERE NDI CHUKU M'BOKOSI LA NSOMBA

Munthu wochokera ku Balaka kupita ku Salima amadzera pa Sharpevale, m'chigwa cha Bwanje, m'boma la Ntcheu. Dera limeneli ndi lotentha, ndipo nyanja ya Malaŵi siili kutali kwenikweni. Ana a kumeneko amazidziŵa bwino nsomba. Amadya usipa, utaka ndi matemba, ndipo ena amaŵedza milamba m'mitsinje. Koma ndi oŵerengeka okha amene anakhalapo pansi ndi kuyang'anitsitsa nsomba yamoyo pamene ikusambira, ikudya ndi kupuma.

Njira yabwino yoonera zimenezi ndiyo kusunga nsomba m'bokosi lagalasi lodzaza ndi madzi. Pa Chingerezi bokosi lotere amalitcha aquarium. Anthu ena amaliika m'nyumba zao, ena amaliika m'kalasi. Koma pafupifupi aliyense amene wayamba kumene kusunga nsomba motere amakumana ndi mavuto aŵiri m'masabata oyamba. Mavutoŵa ndiwo ndere ndi chuku. M'phunziro lino tiona kumene zinthu ziŵirizi zimachokera, ndiponso zimene tingachite kuti nsomba zathu zisafe.

Zimene zimachitika m'bokosi latsopano

Tiyerekeze kuti ana a Sitandade 5 pa sukulu ina ya ku Sharpevale apatsidwa bokosi lagalasi. M'litali mwake ndi masentimita 60, m'lifupi mwake masentimita 30, ndipo msinkhu wake ndi masentimita 30. Bokosi lotere limaloŵa madzi okwana malita 54. Anawo atsuka mchenga ndi kuuyala pansi, aikamo miyala ndi kachitsa ka mtengo, ndipo athiramo madzi a pa mjigo. Tsiku lomwelo aponyamo tiana ta makumba khumi ndi tiŵiri timene awapatsa mlimi wina wa nsomba. Bokosilo aliika pazenera kuti aliyense aziliona bwino. Popeza onse akuzikonda nsombazo, mwana aliyense wodutsa akuponyamo madeya.

Sabata loyamba madzi ali mbee! Sabata lachiŵiri pagalasi ndi pamiyala payamba kuoneka zinthu zofiirira zonga fumbi. Sabata lachitatu madzi onse abiriŵira ngati msuzi wa nkhwani, kotero kuti nsomba sizikuonekanso bwino. Pakachitsa paja ndi pamadeya ogwera pansi pamera zinthu zoyera zonga thonje. Tsiku lina m'maŵa anawo apeza nsomba zonse zili pamwamba pa madzi, zikuyasamula kukamwa, ndipo imodzi ili ndi kathonje kumchira.

Kodi chalakwika n'chiyani? Palibe amene wathiramo mankhwala oipa. Anawo alakwitsa zinthu zitatu mosadziŵa. Aika bokosi padzuŵa, achulutsa chakudya, ndiponso aika nsomba zambiri nthaŵi imodzi m'madzi atsopano.

Kodi ndere n'chiyani?

Ndere ndi zomera za m'madzi zimene zilibe mizu, tsinde, masamba kapena maluŵa. Nonse munazionapo pamiyala ya mumtsinje imene imaterera mukaiponda, kapenanso m'ngalande ya pa mjigo. Ndere zina zimamera ngati ulusi wautali. Zina zimamatirira pagalasi ndi pamiyala. Zina ndi zazing'ono kwambiri moti sitingaone imodzi payokha ndi maso athu, koma zikachulukana zimabiriŵiritsa madzi onse.

Palibe amene amabzala ndere. Zimabwera zokha ndi madzi, mchenga, miyala, nsomba, ngakhale fumbi louluka ndi mphepo. Kuti zikule zimafuna zinthu ziŵiri, zomwenso chimanga chimafuna m'munda: kuŵala kwa dzuŵa ndi manyowa. M'bokosi la nsomba manyowa ake ndiwo ndoŵe za nsomba ndi chakudya chotsala chimene chikuola pansi. Tsono bokosi lokhala padzuŵa, lodzaza ndi madeya oola, lili ngati munda wa kudimba wothiridwa manyowa ambiri. Ndere sizingalephere kumeramo.

Ndere si mdani nthaŵi zonse

Tisaganize kuti ndere ndi chinthu choipa. M'nyanja ya Malaŵi muli mitundu ya nsomba yoposa 700, ndipo palibe nyanja ina pa dziko lonse lapansi imene ili ndi mitundu yochuluka chotere. Pakati pa nsombazi pali mbuna, tinsomba tokongola ta maŵanga a buluu, achikasu ndi akuda, timene timakhala m'miyala. Chakudya chachikulu cha mbuna zambiri ndicho ndere zimene zimapala pamiyalapo ndi mano ao. Pofuna kuteteza nsomba zimenezi, boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear m'chaka cha 1980, ndipo m'chaka cha 1984 bungwe la UNESCO linaika malowo m'gulu la malo ofunika kwa anthu a dziko lonse lapansi. M'zaka za m'ma 1970, Stuart Grant anakhazikitsa malo ku Senga Bay, m'boma la Salima, otumizira mbuna zamoyo ku maiko akutali. Lero anthu a ku Germany, America ndi Japan amasunga mbuna m'mabokosi agalasi m'nyumba zao.

Alimi a nsomba nawonso amazifuna ndere. Amathira manyowa a nkhuku kapena a mbuzi m'maiŵe ao mwadala kuti madzi abiriŵire, pakuti makumba ndi chambo zimadya ndere zazing'ono zoyandama m'madzi. Koma mlimi wanzeru amayesa. Amapisa mkono wake m'dziŵe mpaka m'chigongono. Ngati chikhatho chikuoneka bwinobwino, ndiye kuti ndere zachepa. Ngati chikhatho chabisika mkono usanafike n'komwe m'chigongono, ndiye kuti ndere zachulukitsa, ndipo amayamba waleka kuthira manyowa.

N'chifukwa chiyani mlimi amaopa ndere zochulukitsa? Nsomba zimapuma mpweya wabwino wotchedwa okosijeni umene uli m'madzi. Masana, dzuŵa likamaŵala, ndere zimatulutsa mpweya umenewu. Koma usiku zimaleka kuutulutsa, ndipo nazonso zimayamba kuugwiritsa ntchito pamodzi ndi nsomba. Ndere zikachuluka, pofika mbandakucha mpweya wabwino umakhala utatsala pang'ono kutha. Ichi ndicho chifukwa chake ana aja anapeza nsomba zao zili pamwamba m'maŵa. Zinali kufunafuna mpweya. Vutoli limakula m'malo otentha monga ku Sharpevale, makamaka m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, popeza madzi ofunda amasunga mpweya wochepa kusiyana ndi madzi ozizira.

Chifukwa chake bokosi latsopano limavuta

Ndoŵe za nsomba ndi chakudya choola zimatulutsa poizoni wotchedwa amoniya. Mumtsinje poizoniyu amapita ndi madzi, koma m'bokosi alibe kopita. Mwamwayi pali tizilombo ting'onoting'ono totchedwa mabakiteriya timene timasandutsa amoniya kukhala chinthu chosaopsa kwenikweni. Si mabakiteriya onse amene amayambitsa matenda. Aŵa ndi othandiza. Amakhala pamchenga, pamiyala ndi pagalasi.

M'bokosi latsopano mabakiteriya otereŵa amakhala ochepa kwambiri. Pamatenga masabata anayi kapena asanu ndi limodzi kuti achulukane mokwanira. Tikaikamo nsomba zambiri nthaŵi imeneyi isanakwane, poizoni amachuluka, nsomba zimafooka, ndipo ndere zimapeza chakudya chambiri. Ndere zofiirira zonga fumbi zija zimakonda bokosi latsopano, ndipo kaŵirikaŵiri zimachepa zokha bokosilo likakhalitsa.

Kuchepetsa ndere

Choyamba, chotsani bokosi pazenera. Liikeni pamalo poŵala koma posafika dzuŵa lenileni. Ngati mumaliunikira ndi nyale yamagetsi, maola asanu ndi atatu pa tsiku ndi okwanira.

Chachiŵiri, chepetsani chakudya. Nsomba zipatsidwe chakudya chimene zingathe kumaliza m'mphindi ziŵiri kapena zitatu, kamodzi kapena kaŵiri pa tsiku. M'kalasi ndi bwino kusankha mwana mmodzi sabata lililonse kuti akhale wodyetsa nsomba. Nsomba zambiri za m'mabokosi zimafa chifukwa cha chakudya chochuluka, osati chifukwa cha njala.

Chachitatu, chepetsani nsomba. Bokosi la malita 54 lopanda makina opopera mpweya likhale ndi tinsomba tinayi kapena tisanu totalika ngati chala. Poyamba ikanimo tiŵiri tokha, ndipo tina muonjeze pakapita mwezi.

Chachinayi, sinthani madzi sabata lililonse, koma osati onse. Chotsani gawo limodzi mwa magawo anayi, pamodzi ndi zinyalala za pansi, ndi kuthiramo madzi ena pang'onopang'ono. Madzi atsopanowo ayambe akhala m'ndowa usiku wonse pafupi ndi bokosi. Potero kutentha kwake kumafanana ndi kwa madzi a m'bokosi, ndipo ngati ndi a pampopi, mankhwala a klorini amene amapha nsomba amakhala atauluka.

Chachisanu, pukutani galasi ndi kansalu koyera. Ndere zonga ulusi zikulungeni pakamtengo monga mmene timakulungira ulusi, ndi kuzitaya kunja. Ngati madzi abiriŵira kwambiri, phimbani mbali zonse za bokosi ndi nsalu yochindikala masiku atatu, koma pamwamba musiye mpata woloŵera mpweya. Ndere zikasoŵa kuŵala zimafa. Pambuyo pake sinthani gawo lina la madzi kuti ndere zakufazo zisaolere momwemo.

Pali cholakwa chimodzi chimene anthu ambiri amachita. Akaona madzi abiriŵira amataya madzi onse, natsuka mchenga, miyala ndi galasi ndi sopo. Kutero ndi kupha mabakiteriya othandiza aja, ndipo bokosi limakhalanso latsopano, mavuto onse n'kuyambiranso. Sopo, ngakhale wochepa, amapha nsomba. Musagwiritsenso ntchito ndowa imene anasungunuliramo mankhwala opopera thonje kapena mbeu zina.

Nkhani ya nkhono

Vuto la ndere silinayambe lero. M'chaka cha 1850, katswiri wina wa sayansi wa ku London, dzina lake Robert Warington, anafotokozera anzake zimene anaona. Iye anasunga tinsomba tiŵiri m'chiŵiya chagalasi pamodzi ndi udzu womera m'madzi. Masamba ena a udzuwo ataola, madzi anada ndipo ndere zinayamba kukuta galasi. Warington anaikamo nkhono zingapo za m'madzi. Nkhonozo zinadya ndere ndi masamba oola, ndipo madzi anayeranso. Anaonetsa kuti nsomba, zomera ndi nkhono zimathandizana. Patapita zaka zitatu, m'chaka cha 1853, ku London anatsegula nyumba yoyamba yoonetsera anthu nsomba zamoyo m'magalasi.

Nzeru yobzala udzu wa m'madzi m'bokosi ndi yabwino kwa ifenso, pakuti udzuwo umalanda ndere chakudya. Koma nzeru ya nkhono tisaitengere. Kuno kwathu nkhono zina za m'mitsinje, m'madambo ndi m'nyanja zimasunga tizilombo toyambitsa likodzo. Tizilomboto timatuluka m'nkhono ndi kuloŵa pakhungu la munthu amene wapisa dzanja m'madzi. Choncho musatole nkhono kumtsinje kuti muike m'bokosi. Udzu wa m'madzi nawonso uyambe wayang'anidwa ndi aphunzitsi ndi kutsukidwa bwino, kuti pasakhale nkhono kapena mazira ake.

Kodi chuku n'chiyani?

Tsopano tione za zinthu zoyera zonga thonje zija. Mukasiya mkute wa nsima masiku angapo pamalo a chinyezi, umamera chuku. Chimanga chosungidwa chisanaume nachonso chimachita chuku. M'madzi mulinso chuku chamtundu wake. Chimasiyana ndi ndere chifukwa sichifuna kuŵala kwa dzuŵa. Icho chimadya zinthu zakufa ndi zoola. Timbeu take, tosaoneka ndi maso, timapezeka pafupifupi m'madzi alionse, ndipo timangodikira pomera.

Tiyenera kuyang'ana pamene chuku chamera, chifukwa si chonse chimene chili choopsa. Chikamera pakachitsa katsopano, musade nkhaŵa. Chikudya zotsekemera zotuluka mumtengomo, ndipo zikatha nachonso chimatha pakapita masabata angapo. Mukhoza kutulutsa kachitsako, kukapala, kukaŵiritsa m'madzi, ndi kukabwezera katazizira. Chikamera pachakudya cha pansi, chikutiuza kuti tikuchulutsa chakudya. Chotsani chakudyacho msanga.

Koma chuku chikamera pathupi la nsomba, pamenepo zinthu zavuta. Munagwirapo nsomba yamoyo? Thupi lake limaterera ngati therere. Zotererazo ndizo chovala chimene chimaiteteza ku matenda. Nsomba yathanzi siigwidwa chuku kaŵirikaŵiri. Chuku chimaloŵera pabala, pamene mamba achoka, kapena pamene zipsepse zang'ambika. Mabala otere amabwera nsomba zikamalumana chifukwa chothithikana, zikamakhulika pamiyala yakuthwa, kapena anthu akamazigwira ndi manja ouma. Madzi auve ndi kuzizira kwa m'miyezi ya Juni ndi Julayi zimafooketsanso nsomba, ndipo chuku chimapezerapo mwayi. Chikasiyidwa chimafalikira pakhungu mpaka nsomba kufa.

Kuthandiza nsomba yodwala

Akuluakulu amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Choncho nsomba yodwala ipatulidwe msanga. Itengeni ndi kaukonde kofeŵa ndi kuiika m'beseni loyera la madzi ochokera m'bokosi lomwelo. Sungunulani mchere wa m'nyumba, supuni yaing'ono imodzi pa malita aŵiri alionse a madzi, ndi kuuthira m'besenimo pang'onopang'ono. Makumba amapirira mchere wotere, koma chuku sichiukonda. Tsiku lililonse sinthani theka la madzi a m'beseni ndi ena a mchere wofanana, kufikira kathonje katachoka ndipo bala lapola. Beseni likhale pamthunzi, lovundikira ndi kaukonde kuti nsomba isalumphire kunja.

Mchere wokha sukwanira. Tikabwezera nsomba yochira m'madzi auve omwe aja, idzadwalanso. Tiyenera kukonza chimene chinaidwalitsa. Nsomba ikafa, ichotseni nthaŵi yomweyo ndi kuikwirira pansi. Mukatha kugwira madzi a nsomba, sambani m'manja ndi sopo.

Zimene zinachitika ku Mchinji

Matenda a nsomba si nkhani ya m'bokosi mokha. M'chaka cha 2020, m'nyengo yozizira, anthu a m'boma la Mchinji anayamba kupeza nsomba za zilonda zofiira mumtsinje wa Bua ndi m'maiŵe a alimi. Nsomba zambiri zinafa. Akatswiri atapima anapeza kuti anali matenda otchedwa EUS, amene amayamba ndi chuku cha m'madzi cha mtundu woopsa kwambiri, chimene chimaboola khungu ndi kuloŵa mpaka mumnofu wa nsomba. Boma linaletsa kugwira, kugulitsa ndi kunyamula nsomba kuchokera m'madera okhudzidwawo. Asodzi ndi alimi anasoŵa ndalama, ndipo mabanja anasoŵa ndiwo.

Matenda otere amayenda ndi nsomba zodwala, madzi, maukonde ndi ndowa. Pa chifukwa chimenechi, nsomba ya m'bokosi, yodwala kapena yakufa, isatayidwe mumtsinje wa Bwanje kapena mumtsinje wina uliwonse. Madzi ochotsedwa m'bokosi athiridwe pamaluŵa kapena pamitengo ya pasukulu, kutali ndi mtsinje. Madzi a Bwanje amakathera m'nyanja ya Malaŵi, ndipo chimene mwana mmodzi wataya kumtunda chikhoza kukafika kwa asodzi ambiri. Mukaona nsomba za zilonda mumtsinje kapena m'dziŵe, uzani aphunzitsi kapena makolo kuti akadziŵitse alangizi a za nsomba.

Kudekha

Taona kuti ndere zimatiuza kuti kuŵala ndi manyowa zachuluka, ndipo chuku chimatiuza kuti m'madzi muli zoola kapena nsomba yavulala. Wosunga nsomba wanzeru amasamala madzi koposa zonse, pakuti madzi akakhala abwino nsomba zimakhalanso bwino. Ana a ku Sharpevale aja akachotsa bokosi lao padzuŵa, akabweza nsomba zina zathanzi kwa mlimi uja, ndi kumadyetsa zotsalazo mosamala, madzi sadzayera tsiku lomwelo. Padzapita masabata angapo. Koma tsiku lina adzafika m'kalasi ndi kuona nsomba zao zikusambira m'madzi oyera, zikudomola ndere zochepa zotsala pamiyala. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mafunso

1. Kodi Sharpevale ali m'boma liti?
2. Tchulani zinthu zitatu zimene ana a m'nkhaniyi analakwitsa.
3. Kodi ndere zimafuna zinthu ziŵiri ziti kuti zikule?
4. N'chifukwa chiyani nsomba zimabwera pamwamba pa madzi m'maŵa ndere zikachuluka?
5. Fotokozani mmene mlimi amayesera ndere m'dziŵe lake.
6. N'chifukwa chiyani si bwino kutaya madzi onse a m'bokosi nthaŵi imodzi?
7. Kodi Robert Warington anachita chiyani kuti madzi ayere? N'chifukwa chiyani ife sitiyenera kuchita chimodzimodzi?
8. Kodi chinachitika n'chiyani ku Mchinji m'chaka cha 2020?

Ntchito

(a) Pangani ziganizo zanu pogwiritsa ntchito mau aŵa: mbandakucha, kuthithikana, kupatula, chinyezi, kudomola.

(b) Fotokozani tanthauzo la miyambi iŵiri imene ili m'nkhaniyi.

(c) Tengani mabotolo aŵiri oyera ndi kuthiramo madzi a pa mjigo. M'botolo lililonse muikemo kadothi kochepa ka m'munda. Botolo limodzi muliike padzuŵa, lina m'kabati mopanda kuŵala. Pakatha masabata aŵiri lembani zimene mwaona, ndipo mufotokoze chifukwa chake.